Kapitawo wa M'chipinda Mwanga

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kugona masiku ano, kapena likukuvutanibe kukazizira? Nanga mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa, kapena mwawabisanso pansi pa pilo monga mwa chizolowezi chanu? Ndikhulupirira achimwene, alamu ndi ana onse ali bwino.

Ine ndilipo, ndikupuma. Zoti ndili bwino sindinena, likhala bodza.

Musadabwe ndi zilembo zopendamazi ngati mapazi a nkhuku. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'chikhakha. Foni ndilibe, ndipo ndikanakhala nayo sindikanaimbabe, chifukwa pafoni mumandidula pakamwa ndisanafike pamene pali nkhani.

Mkamwini wanu akubisala, koma ndikudziwa kuti akatopa, lole yake idzaima pakhomo panu. Adzafunsa kumene ndili. Chonde musanamupatse mpando, werengani kalatayi mpaka pansi.

Ndiyambire pa ntchito yanga. Munkaseka kuti ndi ntchito yanji yogwirira m'chipinda chogona, munthu osakwera basi, osavala nsapato. Ndi ntchito ndithu, Amayi. Kampani yathu imagulitsa ziwiya za m'nyumba pa intaneti, ndipo ine ndimayankha makasitomala odandaula. Wina ketulo yafika yosweka, wina simbi sikutentha, wina wangodzuka ndi mkwiyo wake n'kumafuna poutulira. Ndimawalembera mayankho pa laputopu tsiku lonse, kupepesa zolakwa za anthu amene sindinawaonepo.

Popeza mabwana sationa, anatiikira pulogalamu m'malaputopu yoti izitiyang'anira. Imawerenga mabatani amene ndadina. Imaona ngati mausi ikuyenda. Pakona pa sikirini pali kadontho. Ndikamagwira ntchito kamakhala kobiriwira, ndikangochotsa manja pang'ono kamafiira, ndipo nthawi yofiirayo amaidula pa malipiro. Kuwonjezera apo, nthawi iliyonse imene yafuna, osachenjeza, imandijambula ndi kakamera ka pamwamba pa sikirini, kuti aone ngati wakhala pampandoyo ndinedi.

Kuchimbudzi timapita chothamanga ngati tasiya mkaka pamoto. Tiyi ndimamwera dzanja limodzi, linalo likugwedeza mausi. Tsiku lina ndinayetsemula motsatizana, pomaliza kufwenthera n'kupeza kadontho kali psuu.

Anzanga a ntchito, pa gulu lathu la pafoni, anaipatsa dzina pulogalamuyi. Anaitcha Kapitawo. Dzinalo linakanirira moti tinkainena ngati munthu. Wina alemba kuti lero a Kapitawo sanadye, alusa. Wina akuti amujambula akuyasamula, mabwana aona mpaka kummero. Kuseka kumeneko ndi kumene kunkatipepuza. Ine ndinalizolowera dzinalo mpaka kumalitchula kunja kwa gulu, ndipo tsoka langa linayambira pomwepo.

Mukuwakumbukira mayi a khomo loyang'anana ndi lathu, amene munkawayamikira kuti ndi ochezeka? Pabwalo lonse timawatcha Mayi Wailesi. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala ili kumsika itabereka kale ana.

Ankakonda kundilowera osagogoda, kudzapempha machesi, kudzabwereka sefa, kapena kudzangoima. Tsiku lina kakamera kanawajambula ataima kumbuyo kwanga, khosi atalisolola kuti awerenge nawo. Bwana wanga anandilembera kuti pa ntchito pasamaoneke munthu wina, popeza pa sikirini pamakhala maina ndi manambala a makasitomala. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukiya chitseko cha kuchipinda.

Akagogoda, ndinkayankha ndili m'kati kuti abwere madzulo, a Kapitawo alipo. Akandiimika pampopi ndikuthamanga ndi ndowa, ndinkati andisiye, a Kapitawo sadikira munthu. Tsiku lina anandifunsa chimene ndimapesera tsitsi n'kudzola milomo pomwe sindikupita kulikonse. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati a Kapitawo amandijambula, sindingalole kuoneka ngati mfiti. Anaseka nane mpaka kundimenya paphewa, ine n'kumayesa tamvana.

Tsidya la msewu akumanga nyumba yosanja. Kapitawo wa amisiri a pamenepo ndi bambo wachikulire, wamfupi, wovala chipewa choyera cholimba chija. Masana ankabwera ndi kachigubu kudzatunga madzi akumwa pampopi wa pabwalo lathu, chifukwa wawo anali asanaulumikize. Ine ndi bamboyo tinkangopatsana moni wa panjira. Dzina langa sankalidziwa, lakenso ine sindinkalidziwa.

Mayi Wailesi anatenga kapitawo wanga ndi kapitawo wa tsidya n'kuwasoka kukhala munthu mmodzi.

Nthawi yonseyi mkamwini wanu anali pa ulendo wautali. Pafoni ndinamuuzapo za pulogalamu yotiyang'anira, koma nkhani ya ntchito yanga iye samvetsera. Amati kuseweretsa zala si ntchito, ntchito ndi ya iye wogona m'misewu. Dzina loti Kapitawo sindinamutchulirepo. Linali nthabwala ya ine ndi anzanga, ndipo iye nthabwala zanga sizimuseketsa.

Anabwera masana, osandiuza. Lole anaisiya kumene amaimika magalimoto akuluakulu, nafika wapansi. Asanagwire n'komwe chitseko chake, Mayi Wailesi anamuitanira pambali n'kumutsina khutu. Izi anandiuza eni ake pambuyo pake, mamina ali chuchuchu. Anayamba ndi kunena kuti iwo miseche sakonda. Kenako anati mkazi wake amadzikiyira kuchipinda tsiku lonse ndi kapitawo, amamudzolera milomo, mpaka amalola kujambulidwa. Iye atafunsa kuti kapitawo wake uti, iwo anangoloza ndi mlomo tsidya la msewu.

Sanabwere kudzandifunsa, Amayi. Chitseko changa chinali pomwepo, akanangogogoda. Anabwerera ku lole kukatenga chitsulo chomasulira matayala.

Amisiri akuti mkamwini wanu anafika pamalo omangapo akumwetulira, napereka moni, nafunsa kuti kapitawo pano ndi ndani. Bamboyo anali atawerama, akuyeza khoma ndi chingwe. Anaweramuka, navula chipewa mwaulemu, nati ndi iyeyo. Chitsulo choyamba chinatera pachibwano. Atagwa, chachiwiri chinathyola mkono umene anatchinga nawo kumutu. Anam'pondaponda m'nthiti, m'matope a simenti, akukuwa kuti lero ajambule bwinobwino. Mano a bamboyo anachita kuwatola mumchenga.

Amisiri poyamba anangoti kakasi, osamvetsa chimene akuona. Atatola mafosholo, iye anawoloka msewu chothamanga n'kulowa pabwalo lathu.

Ine ndinali pampando, kadontho kali biriwiri, ndikupepesa mayi wina amene chivindikiro cha poto wake chinafika chong'aluka. Phokoso ndinalimva, koma pamalo omanga phokoso silisowa, ndipo kusuzumira pawindo n'kufiiritsa kadontho. Ndinapitiriza kulemba.

Chitseko cha kuchipinda mkamwini wanu anachimenya ndi phazi, loko n'kuthyoka. Nditatembenuka ndinaona malaya ake ali magazi okhaokha, ndipo ndinaganiza kuti wachita ngozi. Ndinadzuka kuti ndimugwire asagwe. Mtima wanga wopusawu unamumvera chisoni.

Anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa nkhope pathebulo. Mlomo unang'ambika pomwepo. Anandikokera pansi, nandikanikiza ndi bondo pachifuwa, akufunsa kuti ndinayamba liti kugona ndi kapitawo pabedi lake. Anati chibwenzi changa wachisiya chili thapsa mumchenga, tsopano ndatsala ine. Chibakera chilichonse chinkabwera ndi funso, koma mpata woyankha sankandipatsa.

Nditamva dzinalo, ndinadziwa pamene pasokonekera. Ndinakuwa kuti adikire, Kapitawo si munthu, Kapitawo ndi uyo ali pathebuloyo. Ndinapulumuka m'manja mwake, ndinakwawa, magazi akudontha, n'kumuonetsa kadontho kamene kanali katafiira. Ndinamuonetsa kakamera. Ndinatola foni n'kumutsegulira gulu la anzanga, kuti aone yekha mmene onse, amuna ndi akazi omwe, amalembera za a Kapitawo.

Anawerenga, Amayi. Mkamwini wanu si mbuli. Anayendetsa chala pafoni, kukwera, kutsika, kukweranso. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anayang'ana pawindo, tsidya la msewu, kumene anthu anali atazungulira munthu wogona pansi. Anamvetsa zonse. Ine ndinaganiza kuti zatha, tsopano agwada n'kulira monga amachitira.

Apa werengani pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene iye adzadumphe akamadzakufotokozerani.

Atamvetsa, anandimenya koposa poyamba. Anati ndamusandutsa chitsiru pamaso pa anthu. Anati ndamuphetsa munthu ndi pakamwa panga. Foni anaiphwanya pakhoma. Anandigwira dzanja lamanja, naliyala pathebulo, nati tione ngati zala zimenezi zidzasewerenso ndi mabatani. Anatsitsa chitsulo chija. Ndinamva zala zikuthyoka ngati nkhuni zouma, ululu usanafike n'komwe.

Kenako anandigwira pakhosi. Sankakuwanso. Anali phee, akufinya ndi manja onse awiri, akundiyang'ana m'maso. Ndinamukanda, ndinaponya miyendo, koma mphamvu zinkatha. Denga linayamba kuda.

Amene anandipulumutsa ndi amisiri omwe aja. Sanabwerere ine, anabwerera iye, koma Mulungu amatuma amene wafuna. Analowa ndi mafosholo, wina n'kumumenya nayo pamsana. Anandisiya, nawakankha, natulukira pawindo la kukhitchini n'kulumpha mpanda wa kuseri. Pofika apolisi, lole inali itachoka.

Kuchipatala anatigoneka tonse awiri, ine ku chipinda cha amayi, bamboyo ku cha abambo. Mayi Wailesi anabwera kudzandiona, nagwada pambali pa bedi, akuti iwo ankafuna kupulumutsa banja langa. Mawu anali asanabwerere bwino kummero kwanga, ndiye ndinangowalozera chitseko ndi chikhakha.

Nditayamba kuyenda ndinapita kukamuona bamboyo. Chibwano anamumanga ndi mawaya, chakudya amamwera m'kapaipi. Sangathe kulankhula. Mkazi wake anali pambali, ndipo nkhani inali itamufika kale mmene Mayi Wailesi anaiphikira. Atamva kuti ndine uja, anadzuka n'kundiwomba mbama pamlomo pomwe panali ulusi. Anandilavulira, nati mahule ngati ine ndi amene timaphetsa amuna a eni.

Sindinabwezere. Ndinakhala pansi pa simenti n'kuwafotokozera za kadontho, za kakamera, ndi za dzina lathu lachibwana lija. Mayiyo anandifunsa, nabwerezanso, ngati ndikutanthauza kuti mwamuna wake wataya mano chifukwa cha makina. Ndinati eya. Bamboyo anali chagada, misozi ikuyenderera m'makutu. Manyazi amene ndinamva pamenepo sanandichokebe, ngakhale ndikudziwa kuti chitsulo sindinagwire ndine.

Nanga Kapitawo weniweniyo, mwini dzina? Iye sanakhudzidwe n'komwe, anakhala pathebulo paja akupenya. Nditadzatsegula laputopu ndinapeza uthenga ukundidikira, wotumizidwa ndi makina, wondichenjeza kuti ndinakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Ndinaseka mpaka ulusi wa pamlomo unakoka. Kapitawo amene amadziwa ndikayasamula anaona munthu akundipha, iye n'kulemba kuti ndine waulesi.

Bwana wanga ndi mayi amene sindinaonane naye maso ndi maso. Pofuna kudziwa chimene chinafiiritsa kadontho, anatsegula zithunzi za tsikulo. Pa choyamba ndili pampando, milomo yodzola, ndikulemba. Pa chotsatira mpando palibe, chitseko chikulendewera. China chikuonetsa msana wa mwamuna atawerama, ndi phazi langa lili m'mwamba. Anandifunafuna kudzera mwa anzanga mpaka anandipeza. Zithunzizo anazipereka kwa apolisi nditavomera.

Ntchito akuti andisungira. Koma makina sadziwa za chikhakha, amangowerenga mabatani basi, ndipo dzanja lamanzereli limayenda ngati kamba. Zimenezo ndidzaziona ndikachira, si zimene ndakulemberani.

Tsopano ndibwere kwa inu. Mkamwini wanu ndikumudziwa, inunso ndikukudziwani. Adzafika ndi nkhope yakugwa, atanyamula kenakake m'manja. Adzagwada pakhomo, mpando adzaukana. Adzakutchani amayi ake omubala. Adzati kunali kusamvana chabe, dzina linamusokoneza, Mayi Wailesi ndi amene anamuputa, ndipo mwamuna aliyense wokonda mkazi wake akanachita chimodzimodzi. Adzalira misozi yeniyeni, iye misozi sagula. Nkhani ya makina otchedwa Kapitawo adzaikamba mokoma, mwina mpaka mudzaseka.

Mukadzafika poseka, mudzamufunse funso limodzi. Zala zanga anathyola asanawerenge foni, kapena atawerenga? Fisi akafuna kudya mwana wake amati akununkha mbuzi. Dzina lija linali mbuzi chabe.

Si koyamba, mukudziwa. Ulendo uja ndinathawira kwa azakhali diso litatupa, ndinauza inu nokha kumene ndinali. Anagwada pakhomo panu, ndipo dzuwa lisanalowe lole inali itaima pakhomo pa azakhali. Munandiuza kuti banja n'kupirira, mwamuna wodziwa kupepesa ndi wosowa. Ndinakumverani. Sindikukuimbani mlandu, munkafuna kuti mwana wanu asasekedwe. Koma mawu amenewo ndi amene anandibwezera m'chipinda chimene anandifinyiramo pakhosi.

Ndakwiya, Amayi, ndipo sindibisa. Ndakwiyira iye, ndakwiyira Mayi Wailesi, makina aja, ndi lilime langa lomwe. Ndikuopanso. Ndikamva lole ikutsika giya pamsewu, madzi amene ndanyamula amatayika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndatsekula, ndatuluka, ndipo sindibwereranso.

Akafika musamukalipire, musalimbane naye. Manja ake ndikuwadziwa ine. Mupatseni madzi ngati mwafuna, mumulole alire, kwinaku mutatuma munthu mwakachetechete kwa achimwene kuti aitane apolisi. Akumufuna pa mlandu wa bambo uja ndi wanga.

Kumene ndili kuli anthu abwino. Ndikudya, ndikugonako, bala la pamlomo likuuma. Adokotala akuti zala ziwiri zidzapindanso, chachitatu sakulonjeza.

Mwina mwatembenuza kale pepalali kufunafuna keyala. Palibe. Pamwamba palibe, pa envelopu palibe, ndipo amene wakubweretserani kalatayi ndi munthu wa paulendo, sadziwa kumene ndimagona. Musamuvutitse ndi mafunso.

Chiyambire sindinakulembereni kalata yopanda keyala. Achimwene sadziwa kumene ndili, azakhali sadziwa, ndipo inu, amene munandibala, ndi amene simuyenera kudziwa koposa onse. Ndalira polemba mzere umenewu kuposa pamene ankandisoka mlomo. Ndimakukondani, Amayi, koma mtima wanu sutha kukana munthu wogwada, ndipo ulendo uno akandipeza mudzabwera kudzatenga mtembo. Chimene simukuchidziwa simungachinene.

Mundiperekere moni kwa achimwene, alamu ndi ana. Azakhali muwauze kuti ndili moyo. Mulungu akusungeni, akulimbitseni mtima tsiku limene lole idzaime pakhomo panu. Mukandikhululukira, mundipempherere muli komweko.

Ndine mwana wanu,
Mzime wanu.